Chithunzi chopanda munthu chimene chidabweza lumo

Ana inu, adzukulu anga, nkhunda zanga zosakhazikika, taikani pansi timatelefoni tanuto mumve. Izi ndalemba ndekha, ndi dzanja lomweli logwirira khasu. Zilembo zikapendama muziongole ndi maso, chifukwa zidandipeza nditakula kale.

Inu mumajambula tsiku lonse. Rozita akavala kapulana watsopano, chitenje chija, tcha! Akatuzula maso, tcha! Akapotoza mlomo ngati wadya bwemba, tcha! Ndipo zanu zili ndi mitundu yonse, zofiira psuu, zobiriwira biriwiri. Ine changa ndi chimodzi, chakuda ndi choyera basi, ndipo mulibe munthu. Mulibe ngakhale mbuzi. Koma ndimachiimbira nyimbo, ndimachivinira, ndipo lero mudziwa chifukwa chake.

Ndiyambe ndi agogo anu aamuna, malemu aZakariya Phiri. Adabwera kwathu, mbali ya ku Mualadzi, kudzakhala chikamwini, atanyamula mphasa, khasu ndi mano oyera mbee. Munthu wofatsa, wosamwa kwambiri, wa Misa Lamulungu lililonse. Chilema chawo chidali chimodzi, ndicho kalimidwe.

Anthu onse amaunga mizere yoongoka, uwu apa, uwu apa, ngati ana a shikola pa mzere. Iwo ayi. Ankafunafuna chulu chachikulu, n'kuyamba mzere patsinde pa chulucho, n'kuzungulira, n'kuzungulira, mzere umodzi wokha wosaduka, ukukula, ukukula, mpaka munda wonse uli ngati chigoba cha nkhono. Ndipo popeza adali amanzere, ankazungulira chobwerera, kumene munthu wina sangalowere.

Amayi anga adaima patali, adagwira m'chiuno, adati: "Nambewe, mkamwini uyu akulima kapena akuvina?"

Masiku amenewo mkamwini sankayankha apongozi maso ndi maso ngati muchitira inu lero, kudya nawo mbale imodzi, kuwaseka m'kamwa. Mawu ankadzera mwa ine. Agogo anu adayang'ana pansi n'kuti: "Nambewe, kawauzeni amayi kuti madzi a mvula ndi othamanga. Ndikufuna azizungulira, azizungulira, achite chizungulire, akhale pansi m'munda mwawo."

Chaka china tidafulula mowa wa dima kuti anthu adzatithandize kupalira. Ee, ana inu! Anthu adagundana matako, makasu adakumana ndi makasu. Atsibweni awo a agogo anu, aSimawo, nkhalamba yaifupi ya ukali wa tsabola, adataya khasu n'kufuula: "Zakariya, mwana wa mlongo wanga! Ndakutsata chiyambire m'mawa, ndipo taona, ndabwerera pomwe ndidasiya fodya wanga!" Mudzi wonse udaseka mpaka kugwira nthiti. Koma chimanga chidabereka, maungu pachulupo ngati mitu ya ng'ombe. Anthu adadya, adanyambita zala, koma wotengera kalimidwe kameneko padalibe ndi mmodzi yemwe.

Ndiye idabwera nkhondo. Sindiikamba yonse, ndi yaitali ndipo imanunkha utsi. Anthu a mfuti a m'tchire adawapeza agogo anu kumunda, adawatenga kuti akasenze katundu. Ine ndidakapeza khasu lili gone, chipanda cha madzi chitagubuduzika. Sipadapite nthawi, mudzi udatenthedwa. Tidathawa kudzera m'thengo, kulambalala chipata cha malire cha ku Cassacatiza, mwana wina kumsana, wina kudzanja, mpaka ku Zambiya, kumsasa wa othawa nkhondo.

Anthu akumeneko Mulungu awakumbukire. Ndi a Banda, a Phiri, a Mbewe ngati ife tomwe, malire adangodutsa pakati pa abale. Tinkalandira ufa wachikasu ngati maungu, ndi nyemba zouma mutu, zoti uziteleka m'mawa, nkhuni zithe, izo zili gwa. Inu mumanyinyirika ndiwo zikachepa tomato! Ife tinkasungunula phulusa kupanga chidulo, tinkathyola chisoso m'mbali mwa njira, ndipo tinkayamika, tinkayamika ndithu.

Mvula idagwa, idaleka, idagwanso, idalekanso, kangapo konse. Za agogo anu zii. ASimawo adali nafe kumsasako. Tsiku lina adandiitana, adakhala pa mpando wawo wa chitsa, ine pansi chapatali.

Adati: "Nambewe, mwana wanga, anzake amene adagwidwa naye, ena adathawa, ena tidamva kumene adagwera. Iye yekha palibe wamuona. Ana awa nthiti zikuwerengeka. Tiyeni timulire, timete, tikusudzuleni."

Inu simudziwa, ndikuuzeni. Mwamuna akamwalira, abale ake amafulula mowa, amameta mkazi wake mpala, ndipo amamumasula kuti ukwati watha, atha kukwatiwanso. Lumo likangodutsa pamutu, basi, mwamunayo ndi wakufa pamaso pa anthu onse, ngakhale atatulukira mawa lake. Ndipo padali kale bambo wina wa ku Zambiya komweko, wofedwa mkazi, wa ng'ombe ndi ngolo, amene ankadutsadutsa pakhomo pathu ngati njira ya kudimba kwake idasamukira pamenepo.

Ndidati: "Atsibweni, mtima wanga ukukana."

Adati: "Wanganso ukukana. Koma mtima sudamuone. Tipatseni munthu amene adamuona ndi maso."

Ndidalibe. Musawayese oipa aSimawo, ankalira mwana wa mlongo wawo, ankamveranso chisoni ana anga. Adapatula chimanga pa chakudya chawo chomwe, chidaviikidwa, chidamera, chimera chidayanikidwa padzuwa. Ine ndinkadutsa pamphasa ya chimeracho ngati ndikudutsa pamanda. Chikangouma, mowa. Mowa ukangopsa, lumo.

Lamulungu lake, potuluka m'tchalitchi chathu cha udzu, tidapeza chingwe chamangidwa pakati pa mitengo iwiri, ndipo pachingwepo payanikidwa mapepala ngati matewera. Pambali padaima bambo wamtali, woonda, makina ojambulira ali lende pakhosi. Dzina lawo aBenedito, a ku Tete. Ankayenda ndi koluna, ndiye kuti magalimoto a katundu oyenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, iwo atakhala pamwamba pa matumba ngati khwangwala. Adawoloka malire kudzaona mlongo wawo kumsasako, ndipo adati abale aoneko kwawo.

Tidathamangira, poyesa tiona nkhope za abale. Ha! Mapiri. Mitengo. Mitambo. Mtsinje wouma. Msewu wopita kutali wopanda woyendamo.

Mnzanga Nangozo, mkazi wa pakamwa ngati mpeni, adayamba: "Abambo, anthu adawathawa makina anuwa? Kapena mumafika mochedwa, atapita kale kumadzi?"

Wina adati: "Nanga mitundu idatsalira kuti? Nayonso akugawa ndi kapu ngati mafuta?"

ABenedito adaseka nafe. Kenaka adati: "Amayi anga, kale ndinkajambula anthu. Maukwati, maubatizo, tizithunzi ta pa bilyeti, chitupa chija. Koma nkhondo itayamba, ndikajambula munthu popita, pobwera ndi chithunzi chake ndinkapeza mwini wake kulibe. Kunyumba kwanga kwadzaza nkhope zopanda eni. Ndidatopa. Phiri ukalijambula, pobwera umalipeza."

Ngakhale Nangozo adasiya chipongwe.

Za mitundu adatiuza chonchi: "Mtundu umachita phokoso. Ukauchotsa, kumatsala kuwala ndi mthunzi, ndipo awiriwa sanama. N'chifukwa chake ndimajambula dzuwa likangotuluka, likadali chogona, pamene ngakhale kamwala kali ndi mthunzi wake. Masana dziko limaoneka ngati chikwangwani."

Ndiye anthu adayamba kuzindikira. "Phiri lathu ili!" "Mlambe wa pa Nsadzo uwu, tinkagulitsira fodya pamenepa!" Mkulu wina adanunkhiza pepala, adati mwina fungo la kwawo lilimo. Amayi ankasisita mitengo ndi chala, misozi ili chuchuchu. Anthu omwe aja ankaseka!

Ine ndidafika kumapeto kwa chingwe. Chithunzi chomaliza sichidali cha kwathu, malowo sindidawadziwe. Kumwamba kwakuda bii, mtambo umodzi woyera ngati thonje. Pansi dambo, tsidya lake phiri lokhala ndi mpata pamwamba ngati nkhalamba yoguluka dzino. Ndidati ndizipita. Koma m'munsi mwa phirilo, pangodya, padali kanthu kakang'ono, ngati chidindo cha chala chimene tinkadinda pa bilyeti ife osalemba.

Ndidati: "Abambo, aka n'chiyani?"

Adati: "Kaya, amayi. Kadandikongolera basi." Adatulutsa kagalasi kokuza zinthu, adandipatsa.

Ana inu, ana inu, ana inu! Pakati chulu. Patsinde pa chulu mzere. Ndidathyola kaudzu, ndidautsata, ndidautsata, wakuda mthunzi, woyera msana, wakuda mthunzi, woyera msana, wosaduka, wozungulira chobwerera! Nthungululu idatuluka yokha, mbalame zidabalalika m'mitengo. Ndidathamanga mpango utagwa, ndidakawakoka aSimawo pamkono, ine amene sindidawakhudzepo chibadwire.

Adafika akupuma wefuwefu, adasuzumira m'kagalasi. Adati: "Chakale ichi. Adajambula nkhondo isadayambe."

ABenedito adati: "Iyayi, abambo. Mwezi wathawu, mvula isadagwe. Koluna idaima pa mlatho wodulidwa, kumunsi kwa msewu wa ku Tete, ine ndili pamwamba pa matumba."

Ine ndidati: "Atsibweni, kwathu kuli phiri loguluka dzino? Ndipo taonani msana wa mzerewo. Mzere wakale umagona, umamera udzu. Uwu waima ngati tsitsi lolukidwa dzulo."

Nkhalamba idayang'ana, idayang'ana. Idatsata ndi chikhadabo mpaka pachulu. Kenaka idati ndi mawu osasa: "Chitsiru cholima chonchi pa dziko lonse la Mulungu ndi chimodzi chokha, ndipo adachibereka ndi mlongo wanga." Idakhala pansi pafumbi, malaya a Misa ali m'thupi, idalira ngati mwana.

ABenedito adachotsa chithunzicho pachingwe, adandipatsa ndi manja awiri. Adati: "Pepani amayi, sindidadziwe kuti ndajambulamo munthu." Ndidawapatsa nsawawa zokazinga zoti aike m'thumba lawo la paulendo, china ndidalibe.

Nanga chimera chija? Chidafululidwa ndithu, chimera sataya. Koma tidamwa movina. Bambo wa ng'ombe uja adabwera, adamwa chipanda chake, adati: "Mayi, ine ndi munthu wamoyo ndingapikisane naye, koma wolima ngati kamvuluvulu ayi." Munthu wabwino. Ndipo njira ya kudimba kwake idasamukanso, idayamba kudzera pakhomo pa Nangozo, mpaka adamukwatira. Adamva pakamwa pake moyo wake wonse, wosauka.

Musayese kuti kuyambira pamenepo kudali kuvina kokhakokha. Chithunzi chidangonena kuti adali moyo tsiku limene adaunga mzerewo. Za mawa lake sichidanene. Nkhondo idapitirira, mvula zina zidadutsa. Masiku ena ndinkachitulutsa, ndinkachiyang'ana, chili duu, osaonjezera mawu. ASimawo adadwala chifuwa, adatisiya konko ku Zambiya. Asadapite adandiuza kuti: "Mukakampeza, mukamuuze kuti ine ndidakana kumulira."

Mtendere utabwera, anthu adayamba kubwerera. Ana ndidawasiya kwa Nangozo. Chithunzi ndidachiika pakati pa zikatoni ziwiri, ndidakulunga m'kapulana, ndidamanga pachifuwa. Kamba wanga chimanga chokazinga ndi mbatata zootcha. Inu ulendo wa kumsika womwe mumafuna njinga yamoto! Ife tidalowa pa chipata cha Cassacatiza masana, poyera, osabisala, ndipo ndidapsompsona fumbi la kwathu. Kuchoka apo wapansi, kutsika ndi msewu, gulu la amayi ndi abambo, aliyense akupatukira kwawo mpaka ndidatsala ndekha.

Idali nthawi ya dzinja, chimanga chitamasula ngayaye. Aliyense wokumana naye ndinkamasula kapulana: "Zikomo, phiri ili mukulidziwa?" Wina ankagwira chadodolido. Wina ankati: "Kuno kulibe phiri lotuwa chonchi, mayi, mwina ku Zumbo." Inenso maso anga ankafuna phiri lotuwa, kumwamba kwakuda, mitengo yopanda masamba. Koma dziko lonse lidali biriwiri, udzu wopitirira munthu, ndipo milatho yodulidwa sudali umodzi. Ndidawapitirira malowo osadziwa, ndidayenda mpaka mapazi adatupa, ndidabwereranso.

Pa mlatho wina woyalidwa mitengo, mayi wina adandilandira, adandipatsa madzi otentha a mapazi. M'mawa mwake, dzuwa likungosuzumira, ndidakumbukira kuti aBenedito sadaime pansi, adali pamwamba pa matumba. Pafupi padali mtengo wa mango. Ine, mayi wa ana, wa bungwe la amayi a kutchalitchi, ndidakwinda kapulana, ndidakwera ngati nyani! Mwini nyumba ali pansi: "Mayi, mango adatha kale!"

Pamwambapo ndidatsinzina pang'ono, maso kungotsala kampata, mpaka kubiriwira kudazilala, kudatsala kuwala ndi mthunzi. Ndiye phiri lidatulukira, dzino lake loguluka lili pompo. Ndipo m'munsi mwake ngayaye za chimanga, zoyera ndi dzuwa, zikuzungulira, zikuzungulira, chobwerera.

Mmene ndidatsikira sindikumbuka. Mayi uja adandigwira dzanja, adati: "Pondani pokhapo poponda anthu, m'dambomo adakwiriramo mabomba." Ndidayenda ngati nkhuku pa chingwe, mtima uli patsogolo, miyendo ikuubweza.

Nditafika pamunda sindidadumphe mizere, agogo anu ankadana nazo zimenezo. Ndidalowa pakhomo pa mzere, ndidayenda m'khwawa lake, kuzungulira, kuzungulira, masamba akundicheka m'masaya, mame akundinyowetsa, mutu uli zwee. Pakati, pachulu, padali munthu atawerama, akuthyola nkhwani. Woonda ngati bango, imvi zili mbuu, akuthyola ndi dzanja lamanzere.

Ndidagwada, ndidati: "Odi, aPhiri."

Adatembenuka. Nkhwani zidagwa. Ndinkayesa andithamangira. Ayi! Adabwerera chambuyo, adakwera pachulu, adatapa dothi, adandiwaza nalo kumaso, paja amati mzimu ukauwaza dothi umazimirira. Adati: "Bwererani, Nambewe, bwererani mwamtendere. Ndidakuikani bwino, nyimbo zidaimbidwa, sindidakumaneni kanthu."

Dothi lidalowa m'kamwa, lidalowa m'maso. Ndidalavula, ndidaimirira, ulemu wonse udathera pompo. "Inu aPhiri! Ndadya nyemba zosapsa zaka zonsezi, ndakana mwamuna wa ng'ombe ndi ngolo, ndakwera mumtengo ngati pusi, kuti mudzandidyetse dothi? Tsikani apo!"

Adayang'ana, pakamwa pali yasa. Adati pang'onopang'ono: "Mzimu sulalata chonchi." Adatsetsereka pachulupo, adandigwira mapazi, adandigwira mawondo, adati: "Nanga ana?"

Ndidati: "Ali moyo onse, amadya ngati dzombe."

Pamenepo ndi pamene tidalira, ana inu. Tidalira, tidaseka, tidaliranso, mpaka anthu a midzi ya kuseri kwa phiri adabwera ndi makasu, poyesa kwagwa chilombo.

Adandifotokozera titakhala pachulupo. Atasenza katundu mpaka mapewa kunyuka, adawasiya kuphiriko kuti azilimira anthu a mfuti aja. Kenaka munthu wina wogwidwa pambuyo adawauza kuti mudzi wathu udapsa, ndipo amayi ndi ana adathera pamtsinje pothawa. Ndiye mtendere utabwera adati ndibwerere kwa yani? Ndidawauza mawu a aSimawo. Adavula chipewa.

Ine maso adali kale ku kanyumba kawo. Ndidati: "Nanga mkazi wa pakhomo pano ali kuti, ndimupatse moni?"

Adati: "Nambewe, mkazi wake uti angalole kupalira munda uwu? Adabwerapo wina, adazungulira kamodzi, adasanza, adapita."

Kenaka adandigwira dzanja, adapita nane kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa msuku. Padali kamtumbira kosesedwa bwino, mtanda wa mitengo, maluwa obzala m'mbali. Adati atamva uthenga uja adadula thunthu la nthochi, adalikulunga m'malaya awo okhawo, anzawo adawathandiza kukumba, adaimba za Misa zimene ankakumbukira. Ndipo adameta. Adadzimeta okha, ndi chigalasi cha botolo.

Ndidati: "Oho! Ine ndidakana lumo, inu mudameta!" Mlandu umenewo sadaupambane mpaka tsiku limene Mulungu adawatenga, pano pa Mualadzi, ali nkhalamba yokhuta masiku, amayi ako, iwe Rozita, atabadwa kale, atakula, atakwatiwa. Tikangoyambana pang'ono, ngakhale za mchere, ine: "Adameta ndani?" Iwo chipewa kumaso, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

ABenedito sindidawaonenso. Ndidafunsa oyendetsa magalimoto, ndidafunsa a ku Tete, palibe adandiuza zoona. Kaya adafika kwawo, kaya koluna ina idawathera panjira. Ndimawatchula pa Misa pamodzi ndi aSimawo, pamodzi ndi mayi wa mtengo wa mango amene dzina lake ndidaiwala kufunsa. Zikomo, zikomo, zikomo, mawu atatha ine ndidzaimbabe zikomo.

Ndiye inu, nkhunda zanga, tsiku langa likadzafika musadzadzigwetse pansi, musadzasase mawu. Mudzaphike nyemba zakupsa bwino, mudzaimbe mokweza, mudzavine mpaka fumbi. Kulira adandilira kale agogo anu kuphiri kuja, ndipo anthu akumeneko adandiuza okha kuti adalira bwino zedi.